Ku Malindi, ku Khondowe kapena kwa a Muhidini

Isaka anabwerako ku nkhondo mvula itayamba kale. Anatsika mtunda wa ku Maniamba wapansi, bulangete lili paphewa, sipanala yaing'ono ili m'thumba, ndipo nyanja itaonekera kumunsi anafulumiza mwendo.

Anamutenga monga anatengera anyamata ena onse a m'mbali mwa nyanja, pamene asilikali a Angelezi anamanga misasa pa Mtengula, m'dziko la Apwitikizi, pothamangitsana ndi Majeremani. Poyamba anali tengatenga, ankasenza mabokosi a zipolopolo. Kenaka anamuika m'gulu la okankha magalimoto akatitimira m'matope, ndipo kumeneko n'kumene anaona koyamba injini yotsegulidwa. Dalaivala wina wa ku Zomba anaona kuti maso a mnyamatayu sachoka pa zitsulo, nayamba kumutuma: tsuka ichi, gwira apa, manga bawuti iyo. Pomwe nkhondo inkatha, Isaka ankatha kumva ndi khutu kuti injini ikudwala mbali iti. Njira yonse yobwerera anali ndi nkhani imodzi yokha yokauza mkazi wake Susana, yakuti akufuna kukaphunzira ntchito ya makina kwa anthu oidziwa, osati yongotolatola pamsewu.

Anafika ku Lunho dzuwa lili paliwombo. Kumeneko n'kumene ankakhala, kwawo kwa mkazi wake, pachikamwini. Chitseko cha nyumba yake anachipeza chopingidwa ndi mtengo kunja, ndipo pabwalo panali patamera chisoso. M'nyumba yoyandikana munatuluka Luwiza, mkulu wake wa Susana, mwana ali kumbuyo. Anali ataonda kwambiri moti Isaka anachita kumuyang'anitsitsa.

"Alamu," anatero Luwiza. "Khalani pansi kaye."

Isaka anakhala pa mtondo wogoneka.

Luwiza anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pansi. Nthenda ya fuluwenza inafika ndi anthu apaulendo, inalowa nyumba ndi nyumba. Susana inamugwira akuchokera kotunga madzi, ndipo sanathe masiku ambiri, anatisiya. Anamukulunga m'mphasa namuika tsiku limodzi ndi anthu ena, chifukwa amuna amphamvu zokumba manda anali atachepa.

"Uyu ndi wanu," anatero akumasula mbereko. "Anabadwa inu mutapita. Tinakamubatiza ku Msumba. Ndi Rakele."

Isaka anamuyang'ana mwanayo. Anadikira kuti china chake chiduke m'chifuwa mwake, monga anaonera amuna ena akugwa pansi ndi kulira. Palibe chinaduka. Anaona kuti mwanayo ali ndi chipere kuseri kwa khutu. Anaona nyerere zikukoka phiko la chiwala pafupi ndi phazi lake. Anapempha madzi akumwa, namwa, nathokoza.

Tsiku lomwelo anapitirira ku Chiwanga kwa amayi ake, a Elizabeti. Iwo atamuona anakhala pansi pakhomo n'kuyamba kulira, ndipo m'kulira momwemo Isaka anamva kuti atate akenso anapita mwezi womwewo umene anapita Susana. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti mawa kugwa mvula.

Mvula itatha, abale a Susana anamusudzula monga mwa mwambo. Mwana anatsala kwa Luwiza, pakuti mwana ndi wa kuchikazi. Isaka anabwerera ku Chiwanga. Anzake akamuitana kokoka khoka ankapita, amayi ake akamutuma kozula chinangwa ankazula, chimene amuikira ankadya. Akapanda kumutuma ankangokhala kuseri kwa nyumba, manja ali pamaondo. Ena ankati ndi mwamuna wolimba mtima. Ena ankati mtima anausiya kumapiri kuja, kwabwera thupi lokha.

Amene anayambitsa nkhani ya sukulu anali a Hezekiya, mwalimu wa pa mishoni ya Msumba, amene anaphunzitsa Isaka kuwerenga ali mwana. Iwo anamva kwa anyamata ena obwera ku nkhondo kuti Isaka ali ndi dzanja pa makina. Loweruka lina anafika ndi ndodo yawo, nakhala pa mpando wa malemu atate ake a Isaka. A Elizabeti anakhala chapatali pamphasa akusenda chinangwa.

"Isaka, kukhala kotereku si kukhala," anayamba a Hezekiya. "Ndalankhula ndi a Padre, ansembe athu. Malo ophunzirira makina alipo awiri. Oyamba ndi athu a mishoni, ku Malindi, kumwera kwa nyanja, kumene amakonzera sitima. Kumeneko ukaphunzira maboyila, kudula chitsulo pamakina, kusungunula mkuwa. Ukatuluka uli fundi, mmisiri wa sitima, ntchito suchita kuifuna. Mapemphero ndi omwewa, nyimbo ndi zomwezi."

"Enawo?" anafunsa a Elizabeti, poona kuti mwana wawo sakufunsa.

"Enawo ndi a Asikoti ku Khondowe, tsidya lija, kumpoto, pamwamba pa phiri. Ndi sukulu yaikulu ndithu, sindinganame. Akuti kuli nyali zoyaka popanda mafuta. Munthu akamaliza amamupatsanso pepala. Koma mpingo ndi wina, chilankhulo ndi china, ndipo kumazizira. Malo ake ngovuta kupeza, koma a Padre angayese."

"Konseko n'kwa Angelezi," anatero a Elizabeti. "Opita kwa Angelezi sabwera. Akabwera, amabwera ndi mkazi wa kumeneko kudzangoona manda." Anaika mpeni pansi. "Nanga a Muhidini aja a pa Mtengula? Amakonza mfuti, makina osokera, ngakhale njinga ya mzungu wa pa boma. Munthu angamakhale kumeneko n'kumabwera Loweruka."

A Hezekiya anaseka pang'ono. "Mayi, kumeneko si sukulu. Ndi chisakasa chokhala ndi mvukuto. Komanso munthuyo ndi Msilamu wa ku Nkholongwe. Mwana wa malemu a Bartolomeyo, amene ankanyamula mtanda m'tchalitchi, akakhale pamapazi a Msilamu?"

A Elizabeti anatolanso mpeni wawo. Mfundo imeneyo inawalasa nawonso.

"Iwe ukuti bwanji, Isaka?" anafunsa mwalimu.

Chaka chapitacho mawu amenewa akanamusowetsa tulo. Tsopano ankawamva ngati akukambidwa m'nyumba ya eni, kuseri kwa khoma.

"Kulikonse, mwalimu."

"Kulikonse si malo."

"Kumene inu mukuona."

A Hezekiya anagogoda ndodo pansi. "Sitima ya mishoni ifika pa Msumba posachedwa. Ukakwere, ukaone injini yake ndi maso ako, ukalankhule ndi Samsoni. Ukatero udzandiyankhe ngati munthu."

Samsoni anali mwamuna wa ku Likoma, wamkulu wa anyamata ogwira ntchito m'chipinda cha injini, ndipo ntchito anaiphunzirira ku Malindi komweko. Sitima itafika, Isaka anapalasa bwato nakwera. Samsoni anamutsitsira pamakwerero achitsulo mpaka kumunsi, kumene kunali kotentha ngati ng'anjo ndi konunkha mafuta. Anamuonetsa boyila, anyamata akuponya nkhuni m'moto, ndi mikono yachitsulo yonyezimira imene imazunguliza chopalasira cha sitima. Chilichonse chinali chopukutidwa, chopakidwa mafuta, chili pamalo pake.

"Ndamva kuti unagwirapo za magalimoto," anakuwa Samsoni kuti amveke. "Izi ndi zina, m'bale wanga. Izi zimadya nkhuni ndi madzi. Ndikuuze chilungamo. Ku Malindi chaka choyamba udzakwawira m'kati mwa boyila ukugogoda dzimbiri, udzatuluka uli bii, makutu akulira. Koma ukapirira, chitsulo udzachidziwa ngati dzanja lako. Ngati mtima wako uli pa injini za petulo, mwina ku Khondowe, kapena ku Kabula. Mtima wako uli pati?"

Isaka anaika dzanja pa chitsulo china chimene chinkanjenjemera pang'ono. Anamva kunjenjemerako m'chikhatho mpaka m'chigongono. Sikunapitirire pamenepo.

"Ndi yokongola," anatero.

"Ndakufunsa za mtima."

"Ndamva, akulu."

Samsoni anamuyang'ana nthawi yaitali akupukuta manja pa chisanza. "Anamwalira ndani?"

"Mkazi wanga. Ndi atate."

"Ine ana awiri," anatero Samsoni, natembenuka kukayang'ana kawotchi koonetsa mphamvu ya nthunzi. Za sukulu sanazitchulenso.

Atabwerako, a Hezekiya anamufunsa, ndipo Isaka anati ku Malindi kuli bwino. Anatero chifukwa ndilo dzina limene mwalimu ankayembekezera, ndiponso chifukwa ndilo likanatha nkhani msanga. A Padre anavomera. A Hezekiya anamuperekeza ku boma la Kampani yolamulira deralo pa Mtengula kukatenga chiphaso chotulukira m'dziko la Apwitikizi. A Elizabeti anamusokera malaya atsopano.

Ulendo utayandikira, anapita ku Lunho kukatsanzika. Rakele anali atayamba kuyenda chogwirira zinthu.

"Pita kwa atate," anatero Luwiza, namuika pamiyendo pa Isaka.

Mwanayo anamuyang'ana m'maso kanthawi, kenaka anatsegula pakamwa n'kulira mokweza. Isaka anamugwira bwinobwino, monga munthu amagwirira katundu wa mnzake podikira mwini. Luwiza anamutenga.

"Mudzabwera liti, alamu?"

"Akuti papita zaka."

"Mudzamupeza atayamba kutunga madzi."

"Inde."

"Kumanda munapitako?"

"Ayi."

"Ndikuperekezeni?"

"Tsiku lina, alamu."

Luwiza anamuyang'ana ngati akufuna kunena mawu owawa, koma anangomubereka mwanayo n'kulowa m'nyumba.

Inali nyengo ya mwera, mafunde a pa Msumba ali aakulu, choncho sitima inakaima pa Mtengula pamene doko lake ndi lobisika ku mphepo. M'mawa wa tsiku la ulendo a Hezekiya anabwera kudzamupempherera asanapite kukaphunzitsa. A Elizabeti anamuperekeza mpaka kumapeto kwa mudzi, nabwerera chifukwa cha miyendo. Isaka anayenda yekha, phukusi lili pamutu.

Pa Mtengula anapeza azimayi atandanda pamzere akusenzera nkhuni ku sitima. Samsoni anamuona ali pamchenga namukuwira kuti nkhuni zachuluka, anyamuka dzuwa likapendeka, akadikire pamthunzi. Isaka anakwera kamtunda kufuna mthunzi. Anamva nyundo ikulira, natsata kulirako popanda chifukwa, monga nkhuku imatsatira munthu wonyamula lichero.

Chisakasa cha a Muhidini chinali pansi pa mtengo wa mango. Iwo anali munthu wachikulire, wamfupi, wa ndevu zotuwa, kofiya ili pamutu. M'mbali munali makasu, mfuti zakale, makina osokera opanda mwendo. Pakati, pamphasa, panali injini ya petulo yomasulidwa, zitsulo zake zitayalidwa mwadongosolo. Pambali panakhala sipayo, msilikali wa pa boma, dzina lake Ussene, akutosa mano ndi kamtengo.

"Odi, a fundi," anatero Isaka.

"Fikani, fikani."

"Injiniyi ndi ya chiyani?"

"Ndi ya lancha ya pa boma, kabwato kaja kanasiyidwa ndi asilikali," anayankha a Muhidini. "A shefe, mkulu wa pa boma, akufuna kayende. Ndiye anditumizira munthu uyu kuti azindiyang'ana, ngati kuti maso amakonza chitsulo."

Ussene anaseka. "Ine ndatumidwa basi, a fundi."

"Mfuti ndimaidziwa," anapitiriza a Muhidini. "Chomenya chimaoneka, chomenyedwa chimaoneka. Koma ichi, moto wake umachokera kuti? Ndamasula, ndatsuka, ndamanga, ndamasulanso. Chili duu."

Isaka anatula phukusi lake nanyonyomala. Anatola pulagi imodzi, naipeza yakuda ndi mwaye. Anapempha palafini, naitsuka. Anatsata waya ndi chala mpaka pa kabokosi kopanga moto, kamene dalaivala uja ankakatcha maginito. Anatulutsa sipanala yake m'thumba natsegula chivundikiro. M'kati munali kasipuling'i kopyapyala ngati tsamba la udzu, katathyoka pakati.

"Ndi apa," anatero. "Aka kakathyoka, moto sutuluka."

A Muhidini anawerama. "Kena ungakapeze kuti?"

"Sindikudziwa. Amene ankandiphunzitsa ankangotenga kena m'bokosi."

"Kuno bokosi kulibe." Anakanyamula ndi zala ziwiri nakayang'ana padzuwa, nakapinda pang'ono ndi chikhadabo. "Chitsulo chake ndi chofanana ndi cha sipuling'i ya mfuti. Kusula kangasulike. Nkhani ili pa kukaumitsa. Kakauma kwambiri kathyoka, kakafewa sikabwerera. Ungathe kuvukuta?"

Isaka anakhala pansi pakati pa zikopa ziwiri za mbuzi nayamba kuvukuta. Dzanja ili pansi, ilo m'mwamba. Makala anafiira. A Muhidini anadula kachidutswa ku sipuling'i ya mfuti yakale, nakaika pamoto, nakamenya ndi nyundo yaing'ono mpaka kanapyapyala.

"Usayang'ane ine, yang'ana chitsulo," anatero. "Ukuona mtundu wake? Pamenepa pafiira ngati tsabola. Sipanafike. Pang'ono. Leka!"

Anakaviika m'mafuta, utsi unatuluka. Atakayesa ndi mbaniro kanati phwa, kuthyoka.

"Tiyambenso," anatero a Muhidini osakwiya.

Ali pa kachiwiri, sitima inalira kudoko.

Ussene analoza phukusi lija ndi kamtengo kake. "Iwe, si sitima yako imeneyo?"

"Ndi yanga."

"Ndiye?"

Isaka anapitiriza kuvukuta. Manja ake ankapitabe pansi ndi m'mwamba. Sanaganize kuti atsale. Ankangoona kuti akasiya kuvukuta, chitsulo chizizira. Mumtima ankati akamaliza aka anyamuka.

Sitima inaliranso. Patapita kanthawi Samsoni anatulukira pakamtunda paja, thukuta lili chuchuchu.

"Isaka! Ndakufunafuna doko lonse. Tiye, akukoka nangula."

"Ndikubwera, akulu."

Samsoni anaima. Anayang'ana injini ili pamphasa, anayang'ana a Muhidini, anayang'ana manja a Isaka. A Muhidini anachotsa chitsulo pamoto.

"Mwana wanga, ngati uli paulendo pita," anatero. "Sipayo uyu angavukute."

"Ndikubwera," anateronso Isaka. Koma sanadzuke.

Samsoni anadikira pang'ono. Kenaka anapukuta thukuta ndi chisanza chake. "Ndikawauza kuti sindinakupeze," anatero, natsika kamtunda kaja chothamanga.

Kasipuling'i kachiwiri kanatuluka kofewa. Pamene ankayamba kachitatu, Isaka anakweza maso naona utsi wa sitima ukukhota kuseri kwa phiri la padoko. Anadzifunsa ngati akumva chisoni. Sanachipeze. Anadzifunsa ngati mtima wapepuka. Sanapezenso kanthu. Chimene anamva chinali mapewa akuwawa.

"Yakusiya," anatero a Muhidini.

"Inde."

"Unali kupita kuti?"

"Ku Malindi. Kukaphunzira makina."

A Muhidini anatula nyundo. "Kumeneko kuli makina amene ine sindinawaonepo ndi maso. Wataya chinthu chachikulu."

"Inde, a fundi."

"Wadya?"

Injini sinalire tsiku limenelo. Isaka anagona m'chisakasa momwemo, ndipo m'mawa mwake anabwerera ku Chiwanga ndi phukusi lake. A Elizabeti atamuona anagwetsa dengu, poganiza kuti sitima yamira. A Hezekiya anafika sukulu itaweruka, osakhala ndi pampando pomwe.

"Unadwala?"

"Ayi, mwalimu."

"Anakukaniza a pa boma?"

"Ayi."

"Nanga unali kuti?"

"Ndinali kwa a Muhidini. Ndinkavukuta moto."

A Hezekiya anamuyang'ana pakamwa ngati sanamve bwino. "Ndinapita kwa a Padre ndi nkhope yanga iyi. Ndinati ndili ndi mnyamata wa mutu, musamutaye. Anyamata angati a ku Likoma amalilira malo amenewo? Iwe n'kukhala pansi kumavukuta moto?" Anamuloza ndi ndodo. "Tonse taika maliro, Isaka. Ine ndinaika mkazi wanga, mawa lake ndinalowa m'kalasi. Si iwe wekha."

"Ndikudziwa, mwalimu."

"Sitima ibweranso. Ndikakupepesera. Udzakwere."

"Chabwino."

Koma Lolemba lake anabwerera ku Mtengula, chifukwa kasipuling'i kaja kanali kasanatheke. Kanatheka patapita masiku angapo. Injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenaka inabangula mpaka nkhuku zonse za pamenepo zinabalalika. Ussene anavina atagwira chipewa chake. A Muhidini anaombera m'manja nati Mulungu ndi wamkulu. Isaka anamvetsera, nati mafuta akulowa ochuluka, nawerama kuchepetsa.

Sitima itabweranso, iye anali akuwotcherera mphika wamkuwa. Anaimva ikulira, ndipo sanakweze mutu. Malo ake ku Malindi anaperekedwa kwa mnyamata wina. A Hezekiya anatha nthawi yaitali akakumana naye ankangogwedeza mutu n'kudutsa.

A Elizabeti ndiwo anapeza chowauza anthu. Kutchalitchi, kumadzi, kumaliro, aliyense akafunsa chifukwa chimene mwana wawo anakanira sukulu ya mishoni n'kukakhala kwa Msilamu, iwo ankati: "Watsalira mwana. Sakanatha kusiya kamwana kamasiye n'kupita kutali." Anthu anaikonda nkhaniyo. Inafika mpaka ku Lunho. Isaka anaimva kwa ena, ndipo sanaitsutse kapena kuivomera.

Anakhala kwa a Muhidini zaka zambiri. Anaphunzira kusula, kuwerenga mtundu wa chitsulo pamoto, kudula mazinga a bawuti ndi tupa, kuwotcherera, kupanga chitsulo chimene kulibe kogula. Iye anawaphunzitsa a fundi ake za injini za petulo, pang'ono pamene ankadziwapo. Lachisanu masana a Muhidini ankapita kumzikiti, Isaka n'kutsala pachipala. Loweruka Isaka ankapita ku Chiwanga kuti Lamulungu akapemphere ku Msumba. Pepala la sukulu sanakhale nalo. Mnyamata amene anatenga malo ake anadzabwera ali fundi wa sitima, wovala zoyera, wodziwa zinthu zimene Isaka sanazidziwe mpaka kale. Isaka ankamupatsa moni, ndipo nthawi zina ankamufunsa za maboyila.

Ku Lunho ankapitako mwa apo ndi apo, atanyamula mchere kapena kansalu. Ankakhala pabwalo, kufunsa za minda, n'kubwerera. Rakele analeka kumuthawa, koma ankamuyang'anira patali.

Tsiku lina, Rakele atafika msinkhu wosenza dengu, anabwera ku Mtengula ndi Luwiza kudzagulitsa usipa wouma. Luwiza anamusiya pachisakasa napita kusitolo ya Mmwenye kukaona nsalu. A Muhidini anali atapita kokayesa chitseko kwa munthu wina. Isaka anali akunola khasu ndi tupa. Mtsikanayo anakhala pa chitsa, mapazi otuwa ndi fumbi la m'njira, akuyang'ana zitsulo zopachikidwa kudenga.

"Atate," anatero patapita nthawi.

"Ee."

"Amayi aakulu amati inu munafuna kupita kutali, kusukulu ya makina. Akuti sitima inabwera kudzakutengani."

"Inabwera."

"Akuti munatsala chifukwa cha ine." Anakanda bondo lake, osamuyang'ana. "Ndi zoona?"

Isaka anaimitsa tupa. Anakumbukira tsiku lija bwinobwino, makala, mapewa owawa, utsi ukukhota kuseri kwa phiri. Anafunafuna mwanayu m'maganizo ake a tsiku limenelo ndipo sanamupezemo. Sanapezemo munthu aliyense.

Rakele anali atakweza maso tsopano, akudikira. Anali ndi kachidutswa ka usipa m'tsitsi, pamene dengu linakhala.

"Ndi zoona," anatero Isaka.

Mtsikanayo anagwedeza mutu kamodzi, ngati munthu amene wauzidwa chimene ankachidziwa kale. Anatola kanati ka bawuti pansi, nakavala kuchala, nakavula. Luwiza atamuitana kuchokera kumsewu anadzuka, nagwada pang'ono kutsanzika, nathamanga.

Isaka anatsala atagwira tupa. Anakhala choncho mpaka mwini khasu anafika kudzafunsa ngati latheka. Anati latsala pang'ono, napitiriza kunola.